Gulu la C Silinali Lake

Basi ya ku Buchi inachedwa tsiku limenelo, ndipo kuchedwa kwakeko n'kumene kunamupereka Mainess Sakala m'manja mwa Reginald.

Munali mu Meyi, chaka cha 1969. Mkuwa unali pa mtengo wabwino, Kitwe yense akununkhira penti watsopano ndi petulo. Mainess anali ataweruka ku ofesi komwe ankatayipa makalata. Anaima pa siteji atakumbatira raketi yake ya tenisi, yomwe anali atangoiikitsa zingwe zatsopano.

"Pepani mukwai, chida chimenecho n'chanu, kapena mwawanyamulira abwana?" anafunsa munthu wina ndi ulemu wa Chibemba.

Mainess anacheuka. Anali mnyamata wamtali wa suti yotuwa, tsitsi atalidula mzere pambali, akumwetulira ngati munthu woti chibadwire sanakanidwepo.

"N'changa. Kodi pa raketi analembapo kuti ndi ya azungu okha?"

"Ala! Ndiye kuti Mulungu amayankhira ngakhale pa siteji ya basi! Ine ndine Reginald Mvula, ndimagulitsa magalimoto m'tauni muno. Mwezi wathunthu ndakhala ndikusakasaka mtsikana woti ndizisewera naye mu ligi ya ku kalabu ya mgodi. Nanga Chinyanja chokomachi munachitenga kuti?"

"Kwathu n'ku Chipata."

"Duwa la ku Chipata! Lamera bwanji pa fumbi la kumigodi kuno?"

Mainess anaseka asakufuna. Basi itafika, Reginald anakwera naye limodzi, chonsecho ku Buchi analibeko ngakhale mbale.

Tenisi Mainess anaiphunzira ku sukulu ya atsikana ya mishoni. Anasewera zaka zisanu, ndipo zaka ziwiri zomaliza panalibe mtsikana womugonjetsa. Koma chibwerereni ku Kitwe, komwe ankakhala ndi mkulu wake Harriet, ankangomenyetsa mpira pa khoma la holo ya tchalitchi. Kalabu ya mgodi inali itatsegulidwa kwa aliyense dziko litalandira ufulu, komabe geti lake linkamuopsa. Akalowa yekha bwanji pamalo poti zaka zisanu zapitazo munthu wakuda ankalowapo atanyamula thireyi basi?

Ndi Reginald pambali pake, getilo linachepa.

Sipanathe sabata, timaenvulopu tabuluu tinayamba kufika ku ofesi.

"Duwa langa, dzulo ndamupatsa kasitomala makiyi a galimoto ya eni chifukwa mutu wanga unali kwa iwe. Ukandikana ndikadziponya mu mtsinje wa Kafue. Wako mpaka imfa, R."

Mainess ankawerenga kawiri katatu, n'kubisa pansi pa makina otayipira. Madzulo ankafika kunyumba akuimba.

"Iwe Mainess," anatero Harriet tsiku lina akusita malaya a mwamuna wake, "munthu wa pakamwa pa uchi chonchi, wamufufuza? Amapemphera kuti? Kwawo n'kwa yani?"

"Asisi inunso! Munthu aliyense azibwera ndi kalata ya abusa?"

"Ine ndangofunsa."

Loweruka lolembetsa linakwana. Ligiyo inali ya awiriawiri, mwamuna ndi mkazi mbali imodzi, ndipo inali ndi magulu atatu. Gulu la A linali la akatswiri omwe anakulira pa bwalo. Gulu la B linali la odziwa kusewera koma osafika pa ukatswiri. Gulu la C linali la ongoyamba kumene. Opambana m'gulu lililonse ankapita ku Ndola mu Seputembala kukalimbana ndi opambana a kumeneko. Kunali chikho, ndipo chithunzi chinkatuluka m'nyuzipepala.

Pa fomu panali funso loti munthu wasewera nthawi yaitali bwanji. Mainess atayamba kulemba, Reginald anamugwira dzanja.

"Lemba miyezi itatu, wokondedwa."

"Miyezi itatu? Koma ndasewera zaka zisanu."

"Ndikudziwa, mtima wanga. Tamvera. Ine ndangoyamba chaka chatha. Ukalemba zaka zisanu akuika ku B, ine n'kutsala ku C. Akupatsa mwamuna wina woti aziima pambali pako Loweruka lililonse, azikugwira dzanja mukapambana. Ukufuna nsanje indiphe?"

"Koma limeneli ndi bodza, ba Reginald."

"Bodza la chikondi Mulungu saliwerengera."

Mainess anali mwana wa mkulu wa mpingo wa Reformed, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mawu amenewo mulibe m'buku lililonse. Koma maso aja! Kodi panali munthu wina amene anachitapo nsanje chifukwa cha iye? Analemba miyezi itatu.

Osewera atsopano ankayamba ayesedwa kaye pa bwalo. Woyesa anali mlembi wa ligi, Anock Njobvu, wamagetsi wa pansi pa mgodi, munthu wamfupi wosayankhulayankhula, pensulo ili kukhutu nthawi zonse. Mainess anachita monga anamulangizira Reginald. Mpira wina anaumenyetsa mu neti, wina anauponya kumpanda, wina anangouphonya dala.

Atamaliza, Anock anamuitanira pambali.

"A Sakala, mwati miyezi itatu?"

"Inde."

"Dzanja lanu likuvomereza zimenezo. Koma mapazi anu akumafika pamalo mpira usanafike. Mapazi a miyezi itatu satero."

Mainess anayang'ana pansi, mtima ukugunda ngati ng'oma.

"Ine ndilemba zomwe mwandiuza," anatero Anock mofatsa. "Kungoti gulu la eni lili ngati nsapato yobwereka. Ikakula imavuka, ikachepa imaluma."

Anamulemba m'gulu la C.

Kupambana kunayamba Loweruka lotsatira, ndipo sikunaleke. Reginald ankaima pafupi ndi neti, kabudula woyera mbee, akukwezera anthu raketi. Kumbuyo konse kunali kwa Mainess. Woweruza akafuula kuti, "Fote-lavu!" Reginald ankatembenuka n'kutsinzinira diso limodzi.

"Wamva, duwa langa? Ngakhale woweruza akulengeza chikondi chathu!"

Mainess ankamwetulira, ngakhale ankadziwa kuti pa tenisi mawu amenewo amatanthauza kuti winayo alibe kanthu.

Chomwe chinamulasa chinachitika mu Julayi. Anakumana ndi mai Eneles Daka, namwino wa pa kiliniki, ndi amuna awo. Anthuwa anali a zaka makumi asanu, ndipo anagula maraketi dziko litangolandira ufulu, ati nawonso alaweko zomwe ankangoonera pa mpanda. Ankabwera atanyamula botolo la tiyi, akusekana okhaokha mpira ukawadutsa. Mainess anawamaliza m'mphindi twente-faifi, osawapatsa ngakhale gemu imodzi.

Pogwirana chanza, mai Eneles sanali kusekanso.

"Mwana wanga, ngati ongoyamba kumene amasewera chonchi, ndiye kuti masewerawa si athu. Ife tinachedwa."

Loweruka lotsatira banjali silinabwere. Linzakenso silinabwere.

"Ba Reginald, ine ndikufuna ndikawauze a Njobvu zoona," anatero Mainess akuyenda kupita ku siteji. "Chakudya sichikundilowa. Ndikumapambana koma ndikumabwerera kunyumba ngati wakuba."

Reginald anaima, n'kumugwira mapewa onse awiri.

"Nyenyezi yanga, tipirire mpaka ku Ndola basi. Abwana anga ndi munthu wa tenisi. Akaona chithunzi changa ndi chikho m'nyuzipepala, andikweza kukhala mkulu wa ogulitsa onse. Ndipo tamvera lonjezo langa: tsiku lomwelo, pa bwalo lomwelo, ndidzakuveka mphete anthu onse akuona. Ndikulumbira pali mayi anga ondibala!"

Ndi mtsikana uti amene akanalimba? Lachisanu loti mawa ndi ulendo, Mainess anatayipa kalata yopita kwa atate ake ku Chipata, yowauza kuti wapeza munthu ndipo akonzekere alendo. Anamata sitampa. Koma pofika ku positi ofesi anapeza atangotseka, choncho anaiika m'chikwama kuti akaiponye ku Ndola.

Ku Ndola kunali dzuwa la Seputembala, mitengo ya jakaranda itayamba kuchita maluwa. Masewera a gulu la C anali oti ayamba thu koloko. Reginald anapita kukacheza ndi ojambula zithunzi, Mainess n'kulowa m'chipinda cha azimayi kukamanga nsapato.

Pakhomo panaima mayi wina wachitsikana, woonda, mwana ali kumsana, m'manja muli kapepala ka malalanje.

"Odi. Ndinu a Sakala, osewera ndi a Mvula?"

"Ndine."

"Ndinaona maina pa bolodi dzana, ndiye ndinati ndibwere ndikuoneni. Ine ndine Lily, ndimakhala ku Masala, konkuno ku Ndola. Landirani malalanjewa, kunjaku kwatentha."

"Zikomo kwambiri. Ndinu achibale awo?"

Lily anatembenuza mwana uja kuti nkhope ionekere. Mphuno, mphumi, ngakhale kakumwetulira komwe!

"Uyu ndi Morton Mvula. Atate ake amabwera kunyumba kumapeto kwa mwezi. Amati ku Kitwe ntchito ndi yambiri."

Chingwe cha nsapato chinapulumuka m'manja mwa Mainess.

Lily anamuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake munalibe ukali, munali kutopa kokha.

"Inu anakutchani duwa la kuti?"

"La... la ku Chipata."

"Ine ndinali la ku Petauke." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Zaka zitatu zapitazo ndinkasewera gulu la B konkuno. Anandipeza, anandilembetsa C, tinatenga chikho. Chili pa kabati kunyumba. Raketi yanga anaigulitsa mwanayu atabadwa. Sindinabwere kudzamenyana, mchemwali wanga. Ndinangofuna mudziwe musanafike pomwe ndinafika ine."

Mainess anamanga nsapato zake bwinobwino, zonse ziwiri. Anatuluka, osalowera ku bwalo koma ku tebulo la akuluakulu a ligi, komwe Anock anakhala ndi mlembi wa ku Ndola.

"A Njobvu, ndinakunamizani. Sindinasewere miyezi itatu. Ndinasewera zaka zisanu, ndipo ndinali katswiri wa sukulu yathu. Gulu la C si langa. Onse amene ndinawagonjetsa ndinawabera."

Anock anachotsa pensulo kukhutu.

"Mukudziwa kuti mukatero simusewera lero, ndiponso muimitsidwa mpaka chaka chamawa?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino," anatero Anock, n'kudula mzere pa maina awiri aja. Kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Mwachita bwino."

Reginald anatulukira akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Duwa langa, wapenga? Chikho chili apo! Mphete ili m'thumba mwangamu! Wokondedwa, ukundipheranji?"

"Dzina langa ndine Mainess. Mpheteyo kawavekeni mai a Morton, ali apo pansi pa mtengo. Aima nthawi yaitali, mukawapezereko mpando."

Reginald anacheuka. Lily anali ataima pomwepo, mwana ali kumsana.

M'basi yobwerera ku Kitwe, Mainess analira. Analira chifukwa cha timaenvulopu tabuluu, chifukwa cha maina okoma omwe anali atatha kale ntchito pa anthu ena, chifukwa cha manyazi. Mayi wina wa Chibemba amene anakhala naye pampando anangomusisita pamsana, akumupepesa m'chiyankhulo chake kuti, "Pole mayo, pole," osafunsa kanthu.

Koma basi itadutsa mphambano ya ku Luanshya, misozi inaphwa yokha, ndipo Mainess anadabwa kumva njala. Njala yeniyeni, yomwe inali itamuthawa miyezi iwiri! Anasenda lalanje limodzi mwa a Lily aja, linalo n'kupatsa mayi uja. Pofuna mpango m'chikwama, dzanja lake linakhudza kalata ya atate ake.

Mayo! Positi ofesi ija ikanakhala yotsegula? Atate ake akanaiwerenga pamaso pa akulu a mpingo. Amayi ake akanayamba kusunga nkhuku za alendo. Mudzi wonse ukanadziwa, n'kudzamvanso pambuyo pake kuti mkamwiniyo ali ndi banja ku Masala.

Anaing'amba tizidutswatizidutswa, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni pakhomo.

Harriet atamva zonse sananene kuti ndinakuuza. Anangomukumbatira.

"Ng'ona yakuphonya, mng'ono wanga. Yangokunyambita mwendo. Lamulungu tikayamike."

Makalata abuluu anabweranso atatu. "Duwa langa, Lily ndi cholakwa cha ubwana, iwe ndiwe moyo wanga." Mainess anawabweza onse, awiri omalizawo osatsegula n'komwe. Pasanathe mwezi anamva kuti Reginald wasamukira ku Chingola.

Panatsala chinthu chimodzi chomwe chinkamusowetsa mtendere. Tsiku lina ataweruka anapita ku kiliniki, n'kudikira pa benchi mpaka odwala onse atatha.

"Amai Daka, ndabwera kudzapepesa. Simunachedwe ayi. Ndine amene ndinalowa m'gulu lanu mwakuba."

Mai Eneles anamvetsera nkhani yonse manja ali m'chiuno. Kenako anaphulika kuseka.

"Zaka zisanu! Ndiye ine ndakhala ndikuwanyoza abambo akunyumba kuti ndi amene anatigonjetsetsa! Iwe mwana iwe! Chilango chako n'chakuti uzitiphunzitsa Lachitatu lililonse."

Ndipo zinaterodi. Dzinja lonse, mvula ikapereka mpata, Mainess ankawaponyera mipira mai Eneles ndi amuna awo, tiyi wa m'botolo akumwera limodzi.

Mvula itatha, mu Epulo, kulembetsa kunayambanso. Pa fomu Mainess analemba zaka zisanu ndi zilembo zikuluzikulu. Koma gulu liti? Atsikana a ku ofesi ankati alowe A, awaonetse azungu kuti Zambia yafika. Mtima wakenso unkakokera komweko, mwina pofuna kudzilanga, mwina pofuna kuti anthu aiwale za chaka chatha.

"A Njobvu, ndilembeni A," anatero.

Anock anakanda m'mutu ndi pensulo.

"Chaka chatha munasankha gulu chifukwa cha munthu. Chaka chino musasankhe chifukwa cha manyazi. Sewerani seti imodzi ndi mayi wa ku A, ina ndi wa ku B. Mukatero mundiuze nokha."

Wa ku A anali mzungu wa imvi, mkazi wa injiniya wina. Mpira wake unkabwera ngati mwala wa legeni. Mainess anathamanga mpaka m'chifuwa munapsa, koma anangopeza gemu imodzi yokha. Mayiyo anamuyamikira mwaulemu, osatuluka n'thukuta lomwe.

Wa ku B anali Josephine Miti, mphunzitsi wa ku Wusakile. Awa ndiye anagwirana! Mpira unkapita n'kubwera kakhumi, wina osalola. Gemu ya uyu, gemu ya uyo. Patatha pafupifupi ola lathunthu, Mainess anapambana seveni kwa faifi, diresi litamatirira kumsana. Onse awiri anatsamira neti akuseka, mpweya ukuwathera.

"Apa ndiye panga!" anafuula Mainess. "A Njobvu, ndilembeni B!"

"Ndalemba kale ndi pensulo. Ndimadikira inu kuti ndidutsitsepo inki."

Panatsala nkhani ya wosewera naye. Anock anatsokomola, akuyang'ana m'buku lake ngati muli nkhani yofunika kwambiri.

"Amene ndinkasewera nawo anawasamutsira ku Mufulira. Ine ndili B zaka zitatu tsopano, sindinapambanepo chikho. Kumanzere ndine wofooka, ndikuuziranitu. Mukafuna wina wabwino ndikupezerani."

Mainess anamuyang'ana. Chibadwire anali asanamvepo mwamuna akudzitsatsa potchula chofooka chake.

"Kumanzereko ndiziimako ine," anayankha.

Masewera awo oyamba anagonja. Achiwiri anapambana movutikira. Achitatu anagonjanso, chifukwa onse awiri anasiyirana mpira wa pakati, aliyense akuti, "Wanu!" Mainess anaseka mpaka kukhala pansi pa bwalo. Ankafika kunyumba atatopa, mapazi akuwawa, n'kudya ngati wobwera kumunda. Harriet ankangomuyang'ana m'mbali, akumwetulira.

Anock sanalembepo kalata ngakhale imodzi. Ankabwera ndi madzi ozizira m'botolo lokutidwa ndi nsalu yonyowa. Anakonza waya wa nsimbi ya Harriet. Tsiku lina anabwera ndi mlongo wake ku bwalo, tsiku linanso amalume ake, nkhalamba yopuma ntchito ya mgodi, yomwe inaonerera masewera onse osamvetsa kanthu koma ikuomba m'manja pena paliponse.

Ligi inatha mu Ogasiti iwo ali pa nambala folo. Ku Ndola kunapita ena. Madzulo a tsiku lomaliza, dzuwa likadalipo, Anock anamuperekeza mpaka pa geti la kalabu, n'kuima pomwepo akupotokola chipewa m'manja.

"A Sakala, ine mawu okoma sindiwadziwa. Ndikayesa kuwakonza m'mutu amatuluka ngati lipoti la magetsi."

"Yesani choncho, ndimva."

"Ndili ndi zaka twente-naini. Ndimakhala ku Chamboli, nyumba ya zipinda ziwiri. Ndilibe mkazi, ndilibe mwana, kuno kapena kwina kulikonse, mukhoza kufunsa aliyense. Ndikakhala pansi pa mgodi ndimawerenga masiku otsala kuti Loweruka lifike." Anasiya kupotokola chipewa chija. "Ndimakukondani, Mainess. Ndinayamba kale, koma sinali nthawi yake."

Mainess anamva kutentha m'maso, koma ulendo uno mtima sunagunde ngati ng'oma. Unangokhala phee, ngati mwana amene wafika pamsana pa amake.

"Lipoti lanu lamveka, a Njobvu."

"Ndiye... amalume aja akufunsa kuti alamu anu amapezeka pakhomo tsiku liti."

Mainess anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukoleka raketi paphewa.

"Loweruka likubwerali. Koma auzeni abwere m'mawa. Masana ndinapangana ndi Josephine, ndipo mtsikana ameneyo sadikira munthu."